Benchi la Mawilo Anayi

Kandeu, 4 Meyi 1996

Mng'ono wanga Nicholas,

Moni wochuluka. Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Joniko ndipo kuzizira sikunakupinde. Kuno tadzuka, ine, alamu ako mayi a Ida, ndi Ida yemwe ali ku sekondale yogonera konko. Chimanga tapata cha pakamwa basi. Msana wokha ndiwo wandiukira.

Nkhani yanga ndi ya benchi langa lopalira matabwa, lija la pansi pa mango, unakhalapo ukudya nzimbe chaka chija unabwera. Ndinalikhoma chaka chimene ndinalowa chikamwini m'mudzi muno, ndipo tsopano zakwana zaka makumi awiri ndi chimodzi. Mizati yake inayi ndinachita kukumbira pansi, monga amachitira kalipentala aliyense kuno. Tsono chiswe chadya mizatiyo mpaka mkati. Ndikakankha puleni benchi limapita kutsogolo, ndikabweza nalonso limabwerera, ngati tikuvina ngoma. Dzana chitseko cha aphunzitsi chinatuluka chokhota, ndinawauza kuti ndi sitayilo ya masiku ano.

Ndafuna ndilikhomenso. Poti iwe ukugwira ntchito pa fakitale ya mipando, undiyezereko benchi limodzi la kumeneko: kuchokera pansi kufika pamwamba ndi mainchesi angati? Langali ndinalifupikitsa, n'chifukwa chake msanawu. Nambala imodzi yokhayo, mng'ono wanga, usavutike ndi zambiri.

Yankho utumize pa bokosi la mpingo monga mwa masiku onse. Kiyi amasunga alamu anga a Dyton, achimwene awo a mayi a Ida, poti ndiwo mlembi.

Ndine mkulu wako,
Cosmas


Germiston, 9 Juni 1996

Okondedwa achimwene,

Kalata yanu ndailandira, ndipo ndaseka mpaka anzanga a m'chipinda kundifunsa ngati ndawina lotale. Mainchesi! Achimwene, dziko lasintha, zipani zachuluka, anthu akuyankhula zakukhosi pa wailesi, inu mukadali kukumbira mizati pansi ngati mukumanga khola la nkhumba? Ayi, mwandichititsa manyazi. Ine kuno ndine munthu wodalirika pa fakitale, palibe ngodya imene sindifikako tsiku lililonse.

Nambala imodzi sindikutumizirani. Ndakujambulirani benchi lathunthu, onani pepala lili mkatimu. Ndathera masiku atatu a Lamulungu pamenepa, ku tchalitchi osapita. Tsono tcherani khutu.

Pansi pali mawilo anayi. Miyendo ndi yopinda. Pamwamba mubowole mabowo makumi awiri, olowetsamo tizikhomo totsekereza thabwa. Kumbali kuli madirowa atatu a loko, kuti zitsulo zanu zisamabwerekedwe ndi aliyense wodutsa. Mukalikweza ndi tebulo lodyera, mukalitsitsa ndi bedi. Mukafuna kuchoka mungopinda, n'kukankha, m'mawa umodzi mwapita osasiya ngakhale dzenje loti anthu alozepo kuti apa panali kalipentala.

Koma mfumu ya zonse ndi chitsulo chili kumapetoko, dzina lake vayisi. Mungopotokola chogwirira chake, icho chimaluma thabwa n'kuligwira nganganga. Sichitopa, sichidwala, sichipita ku maliro, sichiyankha. Mukakhala nacho simudzafunanso munthu.

Mawilo ndi vayisi ndidzapatsira Silvester, mnzanga wa kwathu kwa Manjawira, akamabwera. Pakadali pano musakumbire kanthu pansi, ndanena. Moni kwa alamu ndi Ida. Mundiuzeko nkhani za kumudzi, amene wamwalira ndi amene wakwatira.

Mng'ono wanu wa patsogolo,
Nicholas


Kandeu, 21 Julayi 1996

Kwa bambo Nicholas,

Chisomo ndi mtendere zikhale nanu. Ine ndine Dyton Ngozo, mlembi wa mpingo, mlongo wake wa Loyce mayi a Ida, ndiponso mwinimbumba wa pakhomo pamene mkulu wanu akukhala.

Kalata imene munalembera alamu anga inafika yomatuka. Guluu wa masiku ano a matipate sagwira. Nditaiona ili choncho ndinaiwerenga, kuti ndione ngati mawu ena sanagwemo m'njira. Ndinaiwerenga kanayi. Kenako ndinawawerengera alongo anga, azakhali, ndi anthu ena ochepa amene anali pa chigayo. Mwini wake sindinamupatse, poti tsopano ndi umboni.

Bambo, tiyeni tikambe zoona. Kuyambira makolo athu, mkamwini amaoneka ndi zimene wazika pansi: nkhokwe, khola, mzati wa nyumba. Wazika, ndiye kuti wakhala. Tsono munthu wadya nafe zaka makumi awiri ndi chimodzi, lero akuitanitsa benchi la mawilo. Kalipentala wa mawilo akupita kuti? Kodi matabwa amathawa kuti aziwathamangitsa? Benchi losanduka bedi, adzagonapo ndani, ndipo kuti? Nanga madirowa a loko pakati pa abale a mkazi wake, akutiyesa akuba? Ine hamala yake ndinangobwereka chaka chatha, ndipo ili bwinobwino kwathu kuno, akhoza kubwera kudzaiona.

Komanso mawu anu omwe akuti: kuchoka m'mawa umodzi osasiya dzenje. Azakhali atamva pamenepa anagwetsa lichero la ufa.

Pali utsi pali moto. Sabata yatha alamu anazula mizati yonse inayi ya benchi lakale, ndipo mpaka lero sanazikepo ina. Maenje ali yasa, aliyense wopita kudimba akuwaona.

Ndikufuna mundiyankhe mwachangu: mkazi winayo ali kuti, ku Joni kapena konkuno? Mlongo wanga si chikwanje chobuntha choti munthu n'kungochiponya kuseri.

Pomaliza, ngati majekete achikopa ali otchipa kumeneko, ine ndimavala saizi ya pakati.

Wanu mwa Ambuye,
D. Ngozo, Mlembi


Kandeu, 11 Ogasiti 1996

Nicholas,

Moni sindipereka wambiri, ndilibe. Kodi unalemba chiyani iwe? Kalata yako sindinaigwire m'manja. Ndimangoiona patali ikusuzumira m'thumba la malaya a a Dyton. Mudzi wonse ukuidziwa pamtima kupatula ine. Ndikadutsa pa mjigo azimayi akumati, "Patukani, a Mawilo akudutsa!"

Ndinakupempha nambala imodzi. Mizati ndinazula chifukwa inaola, ndipo sindinazike ina chifukwa ndimadikira nambalayo, kuopa kudulanso mitengo yaifupi. Lero maenje anayi asanduka mboni zinayi. Dzulo ndinati ndingozika nkhani ithe, a Dyton anandigwira dzanja, akuti ndikufuna kukwirira umboni.

Akuti ndili ndi mkazi wina. Ena akuti ndi wa ku Joni, ena akuti ndi wa ku Mozambiki, wamtali, wa dzino lagolide. Nanenso ndikufuna nditamuona.

Zonsezi ndikanaseka, koma alamu ako sakuseka. Sandikalipira, sanditukwana, bola akanatero. Madzi osamba akupereka, chakudya akupereka, koma mawu ayi. Ndikawafunsa amangoti, "Inu simufunanso munthu." Sindikumva chimene akutanthauza. Ndili ndi mantha, mng'ono wanga. Kwathu kwa Manjawira amayi anapita, minda anagawana alongo athu, ndikachotsedwa pano ndilowera kuti? Ndipo si za malo zokha. Mkazi ameneyu ndimamufuna.

Ankhoswe akhala pansi mwezi wamawa. Lembera a Dyton msanga, uwauze kuti mawilo ndi nzeru zako, ine sindinawapemphe. Ulembe mofatsa, chizungu cha m'mutu mwakocho uyambe wachiika pansi. Ino ndapatsira dalaivala wa lole, bokosi la mpingo ndaliopa.

Cosmas


Germiston, 18 Ogasiti 1996

A Ngozo,

Moni. Kalata yanu ndaiona. Ya achimwene sindinalandire ina iliyonse chiwalemberereni, ndiye ndikuganiza kuti pulani aikonda ndipo ali kalikiliki kupanga.

Kutsegula kalata ya mwini ndi mlandu, kuno mukanagona m'chitokosi. Koma ndakukhululukirani, ndi umbuli. Mukufunsa kuti kalipentala wa mawilo akupita kuti. Yankho ndi ili: kulikonse kumene wafuna! Tinavotera chimenechi. Achimwene anga si mbuzi yoti muimangirire pa chikhomo zaka makumi awiri ndi chimodzi. Munthu waluso ngati uja akuwolera pansi pa mango, pamene pa Lizulu pamadutsa anthu a mayiko awiri ofuna mipando. Akangokhalako sabata imodzi, sadzakukumbukiraninso ndi dzina lomwe.

Muwauze kuti pulani ndaikonzanso. Ndafupikitsa pang'ono kuti benchi likapindidwa lizikwana pa kaliyala ya basi. Ndaikanso chogwirira, kuti munthu mmodzi azilinyamula yekha osatsanzika aliyense kuti amuthandize.

Za mkazi wina, zimenezo ndi za iwo eni, ine sindilowerera. Ndi ufulu wawo wachibadwidwe.

Majekete alipo koma saizi yanu inatha.

Nicholas


Kandeu, 6 Okutobala 1996

Alamu,

Ndine Loyce, mayi a Ida. Sindinakulemberenipo chikhalire, ndipo mukhululuke kalembedwe kanga, sukulu ndinalekezera sitandade 5. Muli bwanji kumeneko? Ife kuno tadzuka, koma nyumba yazizira.

Achimwene anu anachoka pa 22 Sepitembala. Ndikuuzeni mmene zinayendera, chifukwa inuyo pa bwalo munalipo ndithu: makalata anu awiri anawaika pa mpando pakatikati, atawatsindikiza ndi buku la nyimbo.

Achimwene anga a Dyton anayankhula kuyambira m'mawa mpaka mithunzi kutembenuka. Mawilo, basi ya ku Lizulu, bedi, ufulu wachibadwidwe. Nkhoswe ya kwanu, a Paison, m'malo moteteza munthu wawo anapempha kuti aone nawo chithunzicho, n'kuyamba kufunsa ngati mawilo otere angagwire pa wilibala.

Ine, alamu, za mkazi wina sindinakhulupirire ngakhale tsiku limodzi. Bambo a Ida ndi mkazi wina? Munthu woti akaona mkazi wokongola atakhala pa mpando, amayang'ana mpandowo? Za mawilo nazonso sindinazisamale, akafuna aike ndi belu lomwe.

Chimene chinandilasa ndi china. Inu simudziwa mmene chitseko chimapangidwira kuno. Thabwa likakhala pa benchi limafuna woligwira, apo ayi limathawa puleni. Zaka zonsezi woligwira ndine. Ndikachoka kudimba ndimakhala kumapeto kwa thabwa, iwo akupala, ine ndikusadzula nkhwani kapena kutonola chimanga. Nkhani zathu zonse tinakambira pamenepo. Dzina la Ida tinasankhira pamenepo. Mwana wathu woyamba atatisiya, m'nyumba sitinkatha kuyang'anana, koma pa thabwa ndinkakhalabe, iwo n'kumapala, mpaka tinayambanso kuyankhulana. Ndiye pa chigayo, pamaso pa anthu, ndimve kuti kukubwera chitsulo chosatopa, chosadwala, chosayankha, ndipo sadzafunanso munthu. Munthu wake uti, alamu? Pa benchi paja pankakhala munthu mmodzi yekha.

Pa bwalo atandifunsa maganizo anga, ndinati ndili ndi funso limodzi kwa mwamuna wanga. Ndinati, "Bambo a Ida, chitsulo chija n'zoona chimagwira thabwa popanda munthu?" Ndinkafuna angonena kuti chigwire chisagwire, ine wondigwirira ndili naye kale. Basi, tikanapita kunyumba.

Koma achimwene anu! Kanali koyamba kuona chithunzicho pafupi. Maso ali pa pepala, nkhope yawala ngati mwana waona switi. Akuti, "Eee mayi, chimagwiradi. Ndipo chimagwira bwino kuposa munthu, chifukwa munthu amasuntha akafuna kudzikanda."

Anthu anaseka. Ine ndinakhala pansi. Atandifunsa kachiwiri ngati ndikuwafunabe, sindinayankhe. Achimwene anga anati kukhala chete ndi yankho, analemba m'buku. Mwamuna wanga ananyamula bokosi la zitsulo ndi bulangete. Matabwa a pamwamba pa benchi anawalola kutenga, maenje anatsala.

Sindikupemphani kanthu. Ndangofuna mudziwe chimene pensulo yanu yachita.

Loyce


Kandeu pa msika, 15 Disembala 1996

Nicholas,

Uli moyo? Ine ndilipo. Ndikukhala pa msika penipeni. A Anwar a sitolo ya nsalu andipatsa khonde lakumbali ndi kachipinda kosungira makatoni. Ndi munthu wabwino, sanandifunse mafunso, anangoti ndizimukonzera mashelefu.

Kalata yako yopepesa ndalandira, masamba asanu, atatu mwa iwo ndi pulani yatsopano. Usatumizenso.

Silvester anafika. Katundu wako anakamutula kwa a Dyton, poti ndiyo adiresi imene unalemba. Mawilo anafika atatu, limodzi akuti linasochera m'njira. Vayisi sanaitenge, akuti imalemera ngati mwana wa ng'ombe ndipo iye si bulu. A Dyton asunga mawilowo ngati umboni, ndipo umboniwo tsopano uli pansi pa kangolo kawo kotutira manyowa. Silvester wandiuzanso kuti ngodya zonse za fakitale umazifikadi, ndi tsache. Sindikuseka, ntchito ndi ntchito.

Benchi lako ndalipanga, chithunzi anachita kundiponyera tsiku la mlandu. Pano ndi pa simenti, sungakumbe, ndiye ndinalibe kuchitira mwina. Ndikuuze mmene likuyendera. Miyendo yopinda imapinda nthawi imene yafuna yokha, yandiluma chala kawiri. M'mabowo makumi awiri aja mumagwera misomali, theka la tsiku ndimakhala chogwada kutola. Madirowa ndi abwino, mukugona makoswe. Bedi lokha ndilo likugwira ntchito yake.

Koma vuto ndi thabwa. Silikhazikika. Ndayesa bondo, ndayesa chingwe, tsopano ndikutsindikiza ndi chimwala chimene ndinatola kuseri kwa sitolo. Mwala sudziwa kuti puleni ikafika pakati uyenera kutsamira kumanzere, ikamayandikira kumapeto unyamuke pang'ono. Sindinkadziwa kuti panali wina ankadziwa zimenezi. Ndinkangoyesa kuti dzanja langa ndilo labwino.

Tsiku lija ndinayankha funso la ukalipentala, ndipo ndinayankha zoona. Ndakhala ndikulibwereza m'mutu miyezi itatu, ndipo ndayamba kukayika ngati linali la ukalipentala. Ndine chitsiru, mng'ono wanga, kuposa iwe, ndipo kukuposa iwe si chinthu chapafupi.

Kumudzi sindingapite, a Dyton anati ndikapondako ndi mlandu wina. Ida akatsekera sukulu sindikudziwa kuti ndimuuza chiyani.

Mkulu wako,
Cosmas


Kandeu pa msika, 23 Febuluwale 1997

Alamu,

Moni wa chaka chatsopano, ngakhale chakalamba kale. Yankho la ino mulembe pa sitolo ya a Anwar, osati ku mpingo.

Mwezi watha ndinabwera kuno tsiku la msika kudzagulitsa tomato. Ndinalumbira kuti mbali ya sitolo ija sindiyang'anako. Koma khutu lilibe chitseko. Ndinamva puleni ikulira molakwika, ikudumphadumpha, ndipo ndinadziwa kuti thabwa likugwedera. Ndinapirira mpaka tomato kutsala milu iwiri. Kenako ndinati ndingodutsa, njira ndi ya aliyense.

Alamu, zimene ndinaona! Munthu waonda, kolala yada bii, bondo lili pa thabwa, ndipo kumapeto, pamalo panga, pali chimwala. Mwala! Ndinkayesa kuti ndikapeza chitsulo cha ku Joni chonyezimira, choti mwina n'kuchita nacho nsanje. Koma kundilowetsa m'malo ndi mwala wa kuseri kwa sitolo, kumene agalu amakodzera? Mkwiyo unandigwira. Ndinaukankha mwalawo, unagwa n'kuswa simenti ya a Anwar. Ndinakhalapo.

Iwo anangoima, puleni m'manja. Ndinati, "Palani, mukuyang'ana chiyani, mukufuna chitseko cha eni chikhote?" Anapala. Atafika pakati anati, osadzutsa mutu, "Mayi a Ida, paja ndinanama. Sichigwira kuposa munthu." Ndinati, "Mwachiona kuti, poti sichinabwere?" Anati, "Sindifuna n'kuchiona komwe." Kwa munthu ngati uja, amenewo ndi mawu ambiri.

Ndinabwerera kumudzi kukauza achimwene anga kuti mwamuna wanga abwerere. Anakana. Akuti chigamulo chinalembedwa m'buku ndi inki, akachifafaniza anthu adzawaona ngati mwinimbumba wamasewera. Akuti ndikawafuna ndiwatsatire, koma mkazi wotsatira mwamuna pa khonde la sitolo asiye dimba, chifukwa dimba silinyamulika. Dimba limenelo anandisiyira amayi, alamu, la m'mbali mwa mtsinje, losauma ngakhale mu Okutobala. Achimwene akhala akulimezera mate kuyambira kalekale, ine ndiye ndinachedwa kuona.

Ndinaganiza masiku atatu. Lachinayi ndinasenza miphika ndi mphasa.

Tsono mverani, inu ojambula. Vayisi yanuyo ikhale komweko, mukaitumiza ndikaiponya m'chimbudzi. Miyendo yopinda taikhomerera ndi misomali, yasiya misala. Mabowo tatseka onse kupatula awiri. Ngati dzanja likukuyabwani kuti mujambule, jambulani ichi: kumapeto kwa benchi kutalike pang'ono, pakhale pokhala munthu, posalala, ndi potsamira msana, chifukwa nanenso ndikukula.

Dimba ndimalilira, sindikunamizani. Dzana ndinaona tomato wa m'menemo akugulitsidwa pa msika pompano ndi akazi awo a a Dyton, ataunjika bwinobwino pa thumba langa lomwe. Ndinalowa m'kachipinda n'kulira mpaka maso kutupa. Nditatuluka ndinapeza bambo a Ida aika thabwa pa benchi, aima ndi puleni, sanayambe kupala, akudikira. Ndinapukuta m'maso n'kukakhalapo.

Ndine mlamu wanu,
Loyce